Tsiku Limene Ndinachotsa Polishi wa Bambo Anu

Febuluwale, chaka chimene bambo anu anatisiya

Bambo anu, a Leviyasi Muhiwa, anamwalira Lachinayi, seveni koloko m'mawa, mvula ikuwaza. Ndinali nditatuluka kukatsuka kapu yawo pampopi wa chipatala. Pobwerera ndinapeza atawafunditsa kale kumaso. Iwe Luwiza unali Sitandade 6, iwe Fatsani unali usanayambe n'komwe sukulu. Ndikulemba izi chifukwa mumakonda kundifunsa kuti ntchito imene inakulerani ndinailowa bwanji, ine n'kumangoyankha kuti zinali za Mulungu. Zinali za Mulungu ndithu, koma panalinso ndowa ndi mchenga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye pamene ndalakwitsa muzingokonza mumtima.

Bambo anu anagwira zaka zoposa khumi ndi zisanu ngati mesenjala ndi wosamalira ofesi ya bungwe la alimi a nandolo kufupi ndi Mbulumbuzi. Ofesiyo kale inali shedi ya chimanga, ndiye inali yaitali ngati tchalitchi. Munali madesiki khumi ndi awiri m'chipinda chimodzi, mawindo mbali zonse ziwiri, desiki ya bwana kumapeto kwenikweni. Koma chimene anthu ankaidziwira ofesiyo chinali pansi pake. Panali pofiira, ponyezimira moti munthu ukawerama unkaona mano ako. Alimi ankavula nsapato pakhomo popanda wowauza. Lachisanu madzulo bambo anu ankapaka polishi ndi chiguduli, Loweruka m'mawa n'kupukuta ndi bulashi yopondapo ndi phazi. Mwendo wawo wamanja unali wovuta chigwereni panjinga, ndiye ankatsamira mtengo wa tsache n'kumakwecha ndi phazi lamanzere, uku akuimba likhweru. Ine ndikawabweretsera chakudya ankandiimitsa pakhomo. "Esitere, pansi pano usadzayandikizepo parafini kapena madzi otentha. Adani ake ndi amenewo."

Titameta maliro, bwana wa ofesiyo, a Msosa, anandiitanitsa. Anali munthu wosakonda kuyang'ana mnzake kumaso, amayankhula akusanja mapepala. Anati, "Mayi, komiti ikufuna munthu wa satifiketi. Ine ndaipempha kuti ikuyeseni miyezi itatu pamalo pa amuna anu. Zikakanika, makiyi a nyumba mudzabweza." Nyumba imene ankanena ndi kanyumba kaja ka kuseri kwa ofesi kamene munabadwiramo. Kwathu ku Nchema munda wa amayi unali utagawidwa kale kwa achemwali anga atatu, wanga unatsala mizere yowerengeka. Ndikanabwerera kumeneko, iwe Luwiza sukulu ukanaisiya. Ndinangoti, "Zikomo bwana," n'kukatenga tsache.

Meyi, chaka chomwecho

Kutatsala masabata atatu kuti miyezi yanga ithe, a Msosa anatisonkhanitsa tonse. Anati kukubwera anthu ochokera ku Blantyre kudzajambula kanema wotsatsa nandolo wathu wa m'mapaketi, woti adzaonetsedwe pa tivi. Alimi makumi atatu adzalowa pakhomo atasenza madengu, adzayenda ofesi yonse mpaka padesiki ya bwana. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi Muhiwa, pansi pano pawale kuposa nthawi ya amuna anu. Dziko lonse lidzapaona. A komiti nawonso adzakhalapo."

Ndinamvetsa kuti mayeso anga ndi amenewo. Lachisanu ndinapaka. Loweruka ndinapukuta n'kupakanso. Lamulungu nditachoka ku Misa ndinapaka kachitatu, ndikupepesa kwa Mulungu chifukwa chogwira ntchito tsiku lake. Lolemba m'mawa Anambewe, amene ankalandira alendo pakhomo, anangolowa n'kugwira khoma. "Mayi inu, mukufuna tithyoke miyendo? Lero ndidzola mafuta ndikuyang'ana pansi pompano!" A Msosa anayenda mpaka kumapeto, anabwerera, ndipo ndinaona kuti akondwa.

Ojambula anafika ndi galimoto ziwiri. Wotsogolera anali mayi wina wovala buluku, woyankhula mofulumira, a Tembo. Koma amene ine ndinamuyang'anitsitsa anali bambo wa magetsi, Che Amidu, wamfupi, wa kachipewa koyera ndi magolovesi achikopa opserera m'zala. Iye sanathamange ngati anzake. Anaima pakati pa ofesi n'kumayang'ana kudenga, kenako mawindo. Analamula kuti machubu onse a ofesi azimitsidwe, ati kuwala kwake kumabiriwitsa anthu nkhope pakamera. Mawindo a kum'mawa anawatchinga ndi nsalu zakuda. Jenereta anaiika kutali, kuseri kwa mtengo wa mango, kuti phokoso lisamveke, n'kukoka nthambo zonenepa ngati chala chachikulu. Kenako anaimika magetsi asanu pamiyendo itatuitatu, aliwonse aakulu ngati beseni.

Teni koloko anawayatsa. Ofesi inawala kuposa masana a pabwalo. Alimi amene anali kusuzumira pakhomo anaombera m'manja. Koma a Tembo, amene anali kuyang'ana pakativi kakang'ono kolumikizidwa ku kamera, anagwira pamutu. "Amidu, tabwera udzaone."

Tonse tinaunjikana kumbuyo kwawo. Ndinaona Anambewe pakativi paja atafiira kukhosi ndi kunsi kwa chibwano ngati akuwotha moto. Malaya oyera a bwana anasanduka ofiirira. Paketi ya nandolo imene anagwira inkaoneka ngati nandolo wovunda. Ndipo pansi ponse panali madzuwa asanu, magetsi onse aja akudziyang'anira pagalasi limene ndinapukuta ine.

"Kodi ndayamba kudwala chikuku?" anafunsa Anambewe. Ena anaseka. Ine ayi.

Che Amidu anafotokoza mofatsa kuti kuwala kumatenga mtundu wa chimene kwagunda. Kukagunda khoma loyera kumabwerera koyera, kukagunda pansi pofiira ponyezimira kumabwerera kofiira, n'kukwera kumaso kwa anthu. Anayesa kutembenuza magetsi, kuwakweza, kuwatchinga ndi nsalu zoyera. Madzuwa aja ankangosamuka malo. Nsalu zoyala pansi anali nazo zochepa, komanso kamera inayenera kuona ofesi yonse alimi akamayenda. Wina anati tibwereke mikeka m'mudzi. Inabwera mikeka ndi mphasa, tinayala kuyambira pakhomo mpaka kwa bwana, amayi a madengu n'kuima m'mbali. Anambewe atayang'ana pakativi anati, "Iii, koma apa ndiye pasanduka pasiwa. Kwangotsala bokosi." Atangotero anandiona ine ndi diresi yanga yakuda, anadzigwira pakamwa. Mikeka ija anaipinda mwakachetechete.

"Polishiyu sangachoke?" anafunsa a Tembo.

"Sangachoke," anayankha a Msosa. "Ndi wa zaka zambirimbiri, analowerera m'simenti."

"Ndiye mawa tikajambulira ku Blantyre, muofesi yobwereka. Anthu tikapeza komweko. Alimiwa abwerere."

Alimi aja anali atadzuka m'bandakucha, ena kuchokera ku Nguludi wapansi, atavala zitenje zofanana zimene anasokera tsiku limeneli. A komiti anali atakhala pabenchi panja, akumva zonse. A Msosa anandiyang'ana kumaso, koyamba chilowereni ine ntchito. "Anakuuzani ndani kuti mupake katatu?" Koma wantchito wa miyezi iwiri sakumbutsa bwana mawu ake pagulu.

Koma ine ndinkadziwa kuti polishi uja angachoke. Mwa anthu onse amene anali pamenepo, wodziwa mankhwala ake ndinali ine ndekha, ndipo anandiuza ndi mwini wake pondiletsa. Ndinakalowa m'kachipinda kosungiramo matsache, ndinakhala pandowa yovundikira, bulashi ya bambo anu ili pamiyendo. Inali itadyeka mbali imodzi, pamene pankaponda chidendene chawo. Zovala zawo zinali zitagawidwa kale kwa abale awo, njinga anatenga alamu anga. Chimene chinatsala cha manja awo, choti ndingachione tsiku ndi tsiku, chinali pansi paja. Pansi pa polishi wanga wa masiku atatu panali wawo wa Lachisanu lililonse chiyambireni ntchito. Ndikakhala chete, pansi pakanatsala, koma ine ndi inu tikanachoka. Ndikayankhula, tikanatsala ife.

Ndili momwemo ndinamva kugogoda. Anali Che Amidu. "Mayi, pepani, ndithandizeni timadzi. Nthawi yoswali yakwana." Ndinawatungira m'ndowa, ndinapita nawo kuseri kwa ofesi. Akusamba m'manja anandifunsa kwathu. Nditati ku Nchema anaseka. "Ndiye ndinu achemwali anga. Amayi anga ali konko, kumtunda kwa mzikiti." Kenako anati, "Ine ndayatsa magetsi m'maofesi ambiri, koma pansi pogonjetsa magetsi anga ndapaona lero. Izi si za sabata imodzi. Ndi dzanja la ndani?"

"Si dzanja," ndinatero. "Ndi phazi. La amuna anga. Tinawaika mu Febuluwale."

Anasiya kusamba. Madzi ankadontha m'zigongono. "Pepani, achemwali. Ndiye nkhani yochotsa ija tisaitchulenso. Tikajambulira ku Blantyre, palibe amene adzafe nazo."

Akanandikakamiza mwina ndikanauma mtima. Koma munthu wachilendo ameneyu anapalemekeza pansi paja kuposa bwana amene anapondapo zaka zonsezo. Ndinaganiza kuti bambo anu sankapukuta kuti anthu aziwatama. Ankapukuta kuti inu mudye. Ndinawadikira Che Amidu amalize kuswali, kenako ndinapita kwa a Msosa, amene anali ataima ndi a komiti, ndinagwada pang'ono n'kunena kuti, "Bwana, angachoke. Mundipatse parafini, sopo wa ufa ndi masana a lero."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza, bwana."

Che Amidu anatulutsa magetsi awo onse panja, anachotsa nsalu zakuda n'kutsegula mawindo, ati parafini ndi magetsi otentha sizikhalira pamodzi. Amuna ananyamula madesiki. Ine ndinasonkha moto pamafuwa kuseri, ndinatereka migolo iwiri ya madzi. Amayi a zitenje zofanana aja sanadikire kupemphedwa. Anavula zitenje zatsopano, anazipachika pawaya, ena anapita kumtsinje ndi madengu omwe aja a kanema kukatapa mchenga. Ndowa yoyamba ndinathira ndekha, pakati penipeni. Madzi anayenderera ofiira mpaka pakhomo. Mayi wina wachikulire anandigwira paphewa, anagwada pambali panga ndi chisaka chake, tinayamba kukwecha.

Tinakwecha mpaka dzuwa kupendeka. Ngakhale Anambewe anavula nsapato zawo zazitali. "Mukadzauza amuna anga kuti ndinagwada pansi kukolopa, adzafuna ndizikatero kunyumba. Pasapezeke woulula!" Polishi atachoka panaoneka simenti yotuwa, yokhala ndi zigamba zambiri. Sindinkadziwa kuti bambo anu ankamata maenje a shedi yakale ija okha, chimodzichimodzi, n'kuzibisa pansi pa kufiira kuja. Ndinawerenga zigamba khumi ndi zinayi. Kuseri kwa chitseko chachikulu, pamene chimatsamira chikatseguka, ndinasiyapo malo aakulu ngati lichero osakhudza. Che Amidu anapaona pobweza nthambo zawo. Anangokankhira chitseko kukhoma n'kunena kwa anzawo kuti, "Chitseko ichi chikhale chotsegula mpaka timalize."

M'mawa mwake anayatsanso. Ulendo uno magetsi anayi anawalozetsa kudenga, kuti kuwala kugunde siling'i yoyera n'kutsika kofewa ngati kwa tsiku la mitambo. Achisanu anawaika panja pawindo la kumadzulo, kuseri kwa nsalu yoyera, kuti azioneka ngati dzuwa. Anandifunsa kuti dzuwa lenileni limafika nthawi yanji mkati. Ndinawauza kuti hafu pasiti teni limalowera pakabowo ka pamwamba pa windo lachitatu n'kugwa padesiki ya Anambewe, chifukwa ndinali nditaliona zaka zonse zimene ndinkabweretsa chakudya. Anakwera pamakwerero n'kutsekapo ndi katoni. Itakwana nthawiyo anayang'ana wotchi, anayang'ana desiki ija, anandigwedezera mutu.

Anandiitana kuti ndione pakativi. Alimi analowa ndi madengu awo, nkhope zawo zikuoneka mmene Mulungu anazipangira, nandolo ali mbee. Anawayendetsa kasanu ndi kawiri chifukwa bambo wina ankangoyang'ana kamera n'kumabayibitsa. Pansi panali zii, osaitana maso a munthu. A Tembo anati, "Basi, ndi zimenezi."

A Msosa sanandithokoze. Sanali munthu wotero. Lachisanu lake anaima pakhomo la kachipinda ka matsache akusanja mapepala m'manja. "Mayi Muhiwa, Lolemba mubweretse zithunzi ziwiri za chiphaso cha ntchito. Ndipo pansi paja muyambirenso."

Zaka za ku Nguludi

Ndinayambiranso. Simenti yopanda kanthu imamwa polishi ngati nthaka ya mu Okutobala, ndipo zinanditengera zaka zinayi kuti ndiwerame n'kuona nkhope yanga. Kanema uja ndinamuona kamodzi kokha, pasitolo ina ku Mbulumbuzi. Anthu ankaloza abale awo, kukuwa maina. Ine ndinkayang'ana pansi, ndi chitseko chotsegula chija.

Chaka chimene iwe Luwiza unalemba mayeso a Fomu 4, bungwe linatsegula depoti ku Nguludi ndipo ananditumiza kumeneko. Bwana wake anali mayi Kachale, munthu wa mawu okwera koma wa mtima wabwino, amene ankandikalipira m'mawa, masana n'kundigawira mbatata yake. Kumeneko ndinaona kusowa. Panali nthawi imene sopo sankabwera miyezi itatu, ndinkatsuka makapu ndi phulusa. Polishi ndiye tinamuiwala, ndinkasungunula zotsalira za makandulo n'kupaka pakhonde pokha kuti alendo asatinyoze. Magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, alembi n'kumadandaula kuti sakuona polemba. Tsiku lina ndinawauza mayi Kachale kuti khoma lobiriwira la moyang'anana ndi windo likanapakidwa laimu, m'chipindamo mukanawala. Anati, "Iwe Esitere, unaphunzira kuti zimenezi?" Ndinati, "Kwa achimwene anga a ku Nchema." Tinapaka laimu, tinasuntha madesiki awiri, ndipo nyali ya masana anasiya kuyatsa. Che Amidu sindinawaonenso. Ndinafunsa kumtunda kwa mzikiti, anandiuza kuti amayi awo anamwalira ndipo iwo sabwerabwera.

Chaka chimene Luwiza anakwatiwa

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi anandibwezera ku ofesi yaikulu. A Msosa anali atapuma. Bwana watsopano anali wachinyamata, waulemu, wa makompyuta, ndipo mwezi wake wachitatu analamula kuti pansi ponse paikidwe matailosi oyera. Anthu ankayembekeza kuti ndilira. Sindinalire. Kulira kwa pansi paja ndinali nditalira kale, ndi chisaka m'manja. Amisiri asanafike kuseri kwa chitseko ndinapitako m'mawa, ndinapukuta kamalo kaja komaliza ndi bulashi ya bambo anu, kenako ndinawauza kuti apitirize. Matailosi savuta, umangokolopa basi. Koma alimi anasiya kuvula nsapato pakhomo.

A Msosa ndinakumana nawo pamaliro a Anambewe, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anati, "Mayi Muhiwa, tsiku lija amene anati mupake kwambiri ndinali ine." Ndinati, "Ndikudziwa, bwana." Anati, "Ndinkadziwa kuti mukudziwa." Tinaseka pang'ono, pamaliro pomwepo, ndipo ndikhulupirira kuti Anambewe sakanatiletsa.

Lero

Ndinapuma ntchito mawondo atayamba kukana. Makiyi a kanyumba kaja ndinabweza ndi manja anga, patapita zaka zoposa makumi awiri kuchokera tsiku limene a Msosa anandiuza kuti mwina ndidzabweza pakatha miyezi itatu. Nonse awiri munali mutamaliza sukulu.

Pano ndimakhala m'nyumba imene munandimangira ku Nchema. Ndimalima nandolo ndi chimanga pamizere yanga ija. Munafuna kundiikira matailosi pakhonde, ndinakana, ndipo tsopano mwadziwa chifukwa chake. Lachisanu madzulo ndimapaka polishi wofiira. Loweruka m'mawa ndimatsamira mtengo wa tsache n'kupukuta ndi bulashi ya bambo anu.